Galu wachiwiri pakhomo: mafunso ndi mayankho kwa oweta agalu kuno ku Joni

Amalawi ambiri kuno ku Johannesburg tikuweta agalu. Ena ndi athuathu, ena ndi a mabwana amene timawagwirira ntchito za m'nyumba ndi za m'maluwa, koma wodyetsa, wosambitsa ndi woyendetsa ndife. Galu woyamba akakhazikika pamabwera maganizo omupezera mnzake, ndipo anthu amathamangira kufunsa za mtundu: Boerboel, Labrador, Jack Russell? Ine ndimati mtundu ubwere pambuyo. Galu wachiwiri mumasankhira galu amene ali kale pakhomopo, chifukwa ndiye adzadya naye, kugona naye ndi kuswera naye inu muli kuntchito.

Kodi galu wanga akufunadi mnzake?

Muoneni akakumana ndi agalu ena. Mutengeni pa chingwe Loweruka m'mawa ku Delta Park kapena ku Emmarentia, kumene anthu ambiri amayendetsako agalu awo, inu muzingoyang'ana. Galu wokonda anzake thupi lake limakhala lomasuka. Amayandikira mokhota, osalunjika kumaso, amanunkhiza mnzakeyo kumbuyo, kenaka amagwetsa chifuwa pansi matako ali m'mwamba, kumuitanira masewera. Wotere mnzake adzamulandira. Koma akaumitsa thupi, ubweya wa pamsana n'kuimirira, maso ali tong'o pa galu winayo, kapena akathawira kuseri kwa miyendo yanu mchira ataupanira, ameneyo sakupempha mnzake. Alipo agalu amene amakondwa kukhala okha ndi anthu awo, ndipo palibe cholakwika pamenepo.

Ambiri amafuna wachiwiri chifukwa woyambayo akuvuta. Amauwa tsiku lonse, amakumba maluwa, amagwetsa zovala zoyanikidwa. Apa ndisabise mawu: galu watsopano sakonza khalidwe la wamkuluyo, amalitengera. Mukhala ndi awiri ouwa, awiri okumba. Galu amene amalira inu mukangotseka geti akulira inuyo, ndipo kumubweretsera galu wina nthawi zambiri sikumutonthoza. Chimodzimodzi woopa mabingu. Mvula ya kuno, kuyambira October mpaka March, imabwera ndi ziphaliwali ndi matalala, ndipo kagalu kakaona wamkulu akunjenjemera ndi kukanda chitseko, nako kamaphunzira kuti mabingu ndi chinthu choopsa. Yambani mwathana ndi vuto la woyambayo, pomuyendetsa tsiku ndi tsiku ndi kumuphunzitsa.

Nthawi yabwino yobweretsa wachiwiri ndi iti?

Woyambayo akakwanitsa chaka chimodzi kapena zaka 2, ndipo akumva mukamuitana. Ngati ndi nkhalamba ya zaka 9 kapena 10 yomwe miyendo yayamba kuuma, makamaka m'chisanu cha June ndi July, musaipatse kagalu koti kaziilumpha pamsana tsiku lonse. Ipezereni galu wamkulu kale, wofatsa.

Tiagalu tiwiri tobadwa mimba imodzi musatenge, ngakhale wogulitsayo akutsitsireni mtengo. Timakondana tokhatokha, munthu osamulabadira, kuphunzitsa kwake n'kovuta, ndipo tina tikakula timayamba kumenyana koopsa.

Nditenge wamphongo kapena wamkazi?

Ngati muli ndi wamphongo tengani wamkazi, ngati muli ndi wamkazi tengani wamphongo. Akuluakulu anati atambala awiri salira m'khola limodzi, ndipo amphongo awiri amalimbiranadi ukulu. Komabe ndewu zimene zimavuta kuthetsa ndi za aakazi awiri. Amphongo amachita phokoso lambiri, wina akagonja zimatha. Aakazi akadana amasunga, moti ena amafika pongowalekanitsa moyo wawo wonse, wina kutsogolo kwa nyumba wina kumbuyo.

Koma mwamuna ndi mkazi pakhomo limodzi ndiye kuti onse apite kwa a vetenale, wamphongo akafulidwe, wamkazi akatsekedwe. Galu wamkazi amafuna amphongo pafupifupi kawiri pachaka, kwa masabata 3 nthawi iliyonse, ndipo mimba yake ndi ya masiku 63 okha. Musadalire mpanda kapena chitseko pa masiku amenewo. Ndipo maganizo oti tiagaluto mudzagulitsa n'kupezapo kangachepe muwasiye, chifukwa malo osungirako agalu osowa eni mumzinda muno ndi odzaza kale.

Tsono mtundu uti umagwirizana ndi uti?

Yang'anani zinthu zitatu pa galu wanuyo: msinkhu wake, mphamvu zake, ndi kaseweredwe kake. Mnzakeyo afanane naye pa zimenezi, ngakhale asiyane mtundu.

Labrador ndi Golden Retriever ndiwo savuta kwambiri. Amakonda agalu anzawo ndipo sapsa mtima msanga, n'chifukwa chake amakhala bwino ndi German Shepherd, Rhodesian Ridgeback kapena galu wachikuda wa msinkhu wapakati. Koma Labrador wachinyamata amasewera ndi thupi lonse, kugunda ndi kugubuduza mnzake, ndipo amakonda chakudya moti mbale ya galu wodya pang'onopang'ono amaimaliza ndi iye.

German Shepherd amafuna kulamulira zochitika pabwalo. Amayenda bwino ndi galu wofatsa amene salimbana naye pa geti. Border Collie ndi Husky ndi agalu antchito, amafuna kuthamanga maulendo ataliatali tsiku lililonse. Ngati mumanyamuka 5 koloko m'mawa kukakwera takisi n'kubwerako kutada, amenewa si anu, ngakhale galu wanuyo atawakonda chotani. Husky amadziwikanso ndi kudumpha mpanda ndi kukumba pansi pake, ndipo akatuluka amatenga mnzakeyo.

Jack Russell ndi wamng'ono thupi lokha. Sadziwa kugonja, amayambitsa ndewu ndi galu womuposa kakhumi, ndipo wovulala amakhala iye. Ndi galu wamkulu wodekha wa mtundu wina amakhala bwino, bola asafanane onse kukhala aamuna kapena aakazi. Dachshund ali ndi msana wautali wosachedwa kuvulala, choncho mnzake asakhale wolemera wokonda kudumphira anzake. Pug ndi Bulldog mphuno zawo n'zofupika, amabanika msanga kukatentha, ndiye mnzawo wothamangathamanga masana a December akhoza kuwafikitsa kwa a vetenale. Staffie (Staffordshire Bull Terrier) amakonda anthu kwambiri, ana omwe, koma si onse amene amalola agalu anzawo akakula, ndiye ameneyu muyambe mwamuyesa bwinobwino.

Zonsezi ndi zimene zimachitika kawirikawiri, si lamulo. Agalu awiri a mtundu umodzi amatha kusiyana mtima kutalitali, n'chifukwa chake kukumanitsa agaluwo musanatenge kumaposa kuwerenga za mtundu.

Ndili ndi kagalu kakang'ono ka m'nyumba, koma ndikufuna Boerboel wolondera. Zingatheke?

Zimatheka, makomo ambiri ali choncho, koma dziwani chimene mukulowa. Boerboel wamphongo akakula amafika makilogalamu 60 kapena kupitirira, pamene Maltese ali ndi 3 kapena 4. Safunika kukwiya kuti apweteke kanzakeko, kungokaponda posewera basi. Ngati mwatsimikiza, Boerboel abwere ali mwana kuti akule akukadziwa kagaluko, asiyane nako kuti wina wamwamuna wina wamkazi, ndipo mukamachoka pakhomo muziwalekanitsa. Boerboel amafunanso bwalo lalikulu, mpanda wolimba, ndi munthu womuphunzitsa kuyambira ali wamng'ono.

Pa nkhani ya chitetezo ndionjezepo ichi. Akuba kuno amaponyera agalu nyama yothira poizoni amene anthu amamutcha two-step, ndipo amapha m'kanthawi kochepa. Galu wamkulu wogona pa geti ndiye amayamba kudya. Wogona m'nyumba kapena kuseri, kutali ndi msewu, akubawo samufikira, ndipo akauwa mumadzuka. Choncho kagalu kanu kakang'onoko kakugwira kale ntchito ya ulonda kuposa mmene mukuganizira, ndipo wamkuluyo akabwera nayenso usiku asamagone kumsewu.

Nanga pit bull?

Mu 2022, ana angapo ataphedwa ndi agalu amenewa m'dziko muno, bungwe la Sizwe Kupelo Foundation linatolera masaini opempha boma kuti liletse kuwaweta, ndipo anthu ambiri anakatula agalu awo ku SPCA, bungwe loteteza nyama ku nkhanza. Alipo ma pit bull ofatsa, oleredwa bwino, sindikukana. Koma mtunduwu unachokera ku agalu omenyanitsa, ndipo ambiri akafika zaka 2 kapena 3 amasiya kulola agalu ena, ngakhale amene anakula nawo. Monga mnzake wa galu wina, ine sindingakulangizeni, makamaka pa yadi yokhala mabanja angapo ndi ana.

Lamulo nalonso mulidziwe, ndipo likukhudza galu wa mtundu uliwonse. Kuno galu wanu akaluma munthu amene sanamupute komanso anali pamalo pomwe amaloledwa kukhala, mwini galu ndiye amalipira, ngakhale galuyo sanalumepo munthu chiyambire. Pansi pa Animal Matters Amendment Act ya 1993, munthu amene chiweto chake chavulaza wina chifukwa cha kusasamala kwake akhoza kulipitsidwa chindapusa kapena kumangidwa mpaka zaka 2. Agalu awiri amalimbitsana mtima, zimene mmodzi sakanachita payekha amachita ali awiri. Kwa ife amene tili m'dziko la eni, mlandu wotere ndi wosafunika n'komwe.

Bwanji agalu achikuda, ngati akumudzi aja?

Amenewa ndiwo ndimawaikira kumbuyo ndi mtima wonse. Kuno amawatcha Africanis, ndipo ndi omwe aja timawadziwa kwathu: owonda bwino, ubweya waufupi, mphuno yaitali, msinkhu wapakati. Timawaderera chifukwa tinakula tikuwaona akudya mikute kuseri kwa nyumba, koma pa ntchito yokhala mnzake wa galu wina ndi ochepa amene angawapose. Makolo awo akhala m'midzi pakati pa agalu anzawo, mbuzi, nkhuku ndi ana kwa zaka mazanamazana, ndiye amadziwa kuwerenga galu mnzawo ndi kupewa ndewu. Matenda otengera kumtundu, monga a m'chiuno amene amasautsa German Shepherd ndi Labrador, sawavuta kawirikawiri. Sadya zambiri, kutentha amapirira, ndipo mlendo akafika pa geti amauwa mokwanira.

Chimene amafuna ndi malo ofunda m'nyengo yozizira, chifukwa ubweya wawo ndi wochepa ndipo Joni ali pamtunda wa mamita oposa 1,700, usiku wa July madzi amaundana panja. Ndipo asamangidwe pa tcheni. Galu wa pa tcheni amalusa, ndiponso mnzake akamuputa alibe kothawira. Animals Protection Act ya 1962 imaletsa kumanga chiweto mochizunza.

Chiweto chimene ndili nacho ndi mphaka, komanso tinkhuku kuseri. Nditani?

Pewani agalu osaka: Husky, Jack Russell, Greyhound ndi ofanana nawo. Funsani galu amene anakhalapo kale ndi amphaka, kapena tengani kagalu kakang'ono kakule kakumuona. Mphakayo akhale ndi pokwera pomwe galu sangafike, ndipo mbale yake ikhale pamwamba. Nkhuku zikhale m'khola lotseka, galu aliyense musamukhulupirire pa nkhuku.

Ndimakhala pa lendi. Ndikufunika chilolezo?

Inde, ndipo muchipeze musanabweretse galuyo. Mzinda wa Johannesburg uli ndi malamulo ake oika malire pa chiwerengero cha agalu pakhomo, m'fulati ochepa kuposa pa nyumba yoima payokha, koma amene amagwetsa anthu ambiri ndi alandilodi ndi a body corporate, bungwe la eni nyumba za m'kompuleksi. M'makompuleksi oyendetsedwa ndi Sectional Titles Schemes Management Act ya 2011, lamulo lokhazikika ndi loti chiweto chimafuna chilolezo cholembedwa kuchokera kwa ma trustees, komiti yoyendetsa kompuleksiyo, ndipo iwo sayenera kukana popanda chifukwa chomveka. Makompuleksi ena ali ndi malamulo awoawo oletsa agalu aakulu kapena olola mmodzi yekha. Chilolezo cha galu woyamba sichiphimba wachiwiri. Mukasemphana, madandaulo amapita ku Community Schemes Ombud Service.

Kwa abale amene muli m'zipinda za kuseri ku Cosmo City, Diepsloot kapena Tembisa, pomwe yadi ndi imodzi, mpopi umodzi, geti limatsegulidwa ndi aliyense, ndikupemphani muganize kawiri. Kawirikawiri alandilodi amakhala ali ndi galu wawo kale, ndiye wanu wachiwiriyo ndi wachitatu pa yadipo. Ndiponso tsiku losamuka, chipinda cholola agalu awiri n'chovuta kuchipeza.

Ndikamupeze kuti?

Yambirani kumalo osungirako agalu osowa eni: Johannesburg SPCA ku Booysens, nthambi za SPCA za Randburg ndi Sandton, kapena Animal Anti-Cruelty League ku Regents Park. Ubwino wake pa nkhani yathuyi ndi waukulu. Mumapita ndi galu wanu n'kukamukumanitsa ndi amene mwamukondayo, ogwira ntchito kumeneko akuonerera, ndipo akapanda kugwirizana mumayesa wina. Amabwera kudzaona mpanda ndi pogona pakhomo panu, ndipo galuyo amatuluka atabayidwa katemera komanso atafulidwa kapena kutsekedwa. Galu wa chaka chimodzi kapena zaka 2 khalidwe lake limakhala litaoneka kale, pamene kagalu ka masabata 8 simungadziwe kuti kadzakhala kotani.

Ngati mtima uli pa mtundu weniweni, pitani kwa woweta wolembetsedwa ku Kennel Union of Southern Africa, mukaone mayi wa tiagaluto ndi maso anu, ndi khadi la katemera. Kagalu kasachoke kwa mayi ake kasanakwane masabata 8. Za pa Facebook ndi pa WhatsApp zoti tumizani dipoziti tikutumizirani galu, musayerekeze, ambiri ndi akuba ogwiritsa ntchito zithunzi za eni. Tiagalu togulitsidwa m'katoni pa maloboti timamvetsa chisoni, koma nthawi zambiri timakhala tisanabayidwe, ndipo mukagula kamodzi wogulitsayo mawa abweretsa tina.

Tsiku loyamba ndiwakumanitse bwanji?

Osati pakhomo. Pakhomo ndi pa galu wamkuluyo, ndipo mlendo wongotulukira pa geti amamuona ngati wolanda malo. Pezani munthu wachiwiri, aliyense agwire galu wake pa chingwe, mukumane pamsewu wopanda phokoso kapena ku paki. Yendani mbali imodzi motalikirana mamita angapo, osawayang'anitsa maso ndi maso. Mukaona akuyamba kununkhiza udzu ndi kuiwalako za mnzake, fupikitsani mpata. Aloleni anunkhizane kumbuyo kwa masekondi 3, muwaitane, muyendenso, kenaka mubwereze. Chingwe chikhale cholendewera, chifukwa mukachikoka galu amaumitsa khosi n'kuoneka ngati akufuna ndewu. Mukamaliza mulowe pa geti limodzi, onse ali otopa.

Musanafike kunyumbako, wina akhale atachotsa mafupa, mpira, ndi mbale zonse pabwalo. Masabata oyambirira aliyense azidyera kwake chitseko chili chotseka, akhale ndi pogona pake, ndipo madzi akhale m'mbale ziwiri. Mukamapita kuntchito muziwalekanitsa mpaka mutatsimikiza kuti azolowerana, zomwe kwa ena zimatenga masabata angapo, kwa ena miyezi. Wamkuluyo musamuchepetsere nthawi imene munkakhala naye. Ana amathamangira kagalu katsopano, ndiye inu akuluakulu muzikumbukira nkhalambayo.

Galu wamkulu akakalipira kagalu kovutitsa, mano ali pamtunda koma osaluma, musamumenye. Akukaphunzitsa mwambo. Mukamuletsa kuchenjeza, tsiku lina adzaluma osachenjeza.

Akamenyana ndichite chiyani?

Manja anu asafike kumitu, galu ali pa ndewu amaluma ndi mbuye wake yemwe. Athireni madzi a paipi, kapena lowetsani thabwa kaya chivindikiro cha bini pakati pawo. Mukakhala awiri, aliyense anyamule miyendo yakumbuyo ya galu mmodzi n'kubwerera naye chafutambuyo. Bala la mano limaoneka laling'ono kunja koma mkati limakhala lakuya, ndiye a vetenale alione. Ndewu zikamabwerezabwereza mpaka magazi, funani katswiri wa khalidwe la agalu, ndipo zikakanika kumubweza watsopanoyo kumene munamutenga si manyazi.

Ndalama ndi matenda, zimakwera bwanji?

Zonse zimakhala pawiri, ndipo galu akakhala wamkulu zimaposa pamenepo, chifukwa mankhwala amaperekedwa potengera kulemera kwake. Boerboel wamkulu thumba la chakudya la makilogalamu 20 amalimaliza pafupifupi mwezi umodzi.

Katemera wa chiwewe ndi lamulo m'dziko muno: woyamba pa miyezi 3, wachiwiri chaka chisanathe, kenaka zaka 3 zilizonse. Kagalu kamafunanso katemera wa parvo, imene kuno amaitcha cat flu, kuyambira pa masabata 6 kapena 8 ndi kubwereza mpaka cha m'masabata 16. Kachilombo ka parvo kamakhala m'dothi miyezi yambiri, ndiye ngati pa yadipo panafera kagalu kotsegula m'mimba za magazi, musabweretsepo kosabayidwa.

Nkhupakupa ndi utitiri muziteteza agalu onse nthawi imodzi, apo ayi amangopatsirana. Nkhupakupa za kuno zimafalitsa biliary, matenda opha msanga. Galu akafooka n'kukana chakudya, tukulani mlomo wake muone nkhama. Zabwino zimakhala zofiirira. Zikayera kapena kuchita chikasu, ndipo mkodzo wada, musadikire mawa. Amene thumba silikulola kupita kwa a vetenale wamba, kuli mabungwe othandiza pa mtengo wotsika monga PDSA ku Soweto ndi CLAW ku Durban Deep, mbali ya Roodepoort.

Agalu ndi a abwana, koma wowasamalira ndine. Ndilankhulepo?

Lankhulani, achimwene, mwaulemu koma momveka. Inu ndi amene mumaona galuyo tsiku lonse, mukudziwa ngati amalusira agalu odutsa pamsewu komanso pamene mpanda uli ndi mpata. Muwauze asanagule. Mufunsenso kuti masabata oyambirira wolekanitsa ndi kudyetsa agaluwo Loweruka ndi Lamlungu adzakhala ndani, chifukwa ntchito yanu ikuwonjezeka.

Nanga December ndikamapita kumudzi?

Funso ili mulifunse musanatenge galuyo. Mnansi amene amavomera kukusungirani galu mmodzi kwa mwezi wathunthu akhoza kukana awiri, makamaka ngati amafunika kudyera kosiyana. Malo olipira osungitsako agalu amadzaza msanga nyengo ya Khirisimasi, amalipiritsa pa galu aliyense, ndipo amafuna khadi la katemera lokwanira. Ndi nthawi yomweyonso ya makombola a chaka chatsopano, pamene agalu ambiri amadumpha mipanda ndi mantha n'kusochera. Onse awiri akhale ndi microchip (kachipangizo koikidwa pansi pa khungu kozindikiritsa mwini galu) ndi kachitsulo ka pakhosi kolembedwa nambala ya munthu amene watsala kuno, osati yanu ya ku Malawi.

Kupita nawo kumudzi si nkhani yongokwera nawo basi. Pamafunika chilolezo cholowetsera chiweto ku Malawi, chikalata cha umoyo chosainidwa ndi dokotala wa ziweto wa boma, komanso mapepala odutsira Zimbabwe ndi Mozambique ngati mukudzera ku Beitbridge, Tete ndi Mwanza. Jack Russell amakhala zaka 13 mpaka 16, wachikuda nayenso amapitirira zaka 10 akasamalidwa. Ngati mukuona kuti pa zaka zimenezi mudzakhala mutabwerera kwathu, pezeranitu banja lodzawatenga onse awiri, chifukwa agalu ozolowerana amavutika akalekanitsidwa. Zikavuta kotheratu, SPCA imalandira agalu amene eni ake alephera kuwasunga. Kuwasiya pa yadi n'kunyamuka ndi mlandu pansi pa lamulo lija la 1962.